Boma Limayankhula Chiyankhulo cha Yani?

Msuweni wanga wa ku Zimbabwe atabwera pa mwambo woika chiliza pamanda a agogo athu, anandiuza chinthu chimene chakhala chikundizungulira m'mutu kwa miyezi yambiri. Iye ndi mwana wa amalume anga amene anapita kukagwira ntchito ku migodi ya malasha ya ku Hwange, pa nthawi imene malowo ankatchedwa Wankie, ndipo sanabwererenso, moti kumudzi tinkangoti anatchona. Msuweniyo anabadwira komweko, ndipo Chichewa chake n'chija anayamwira kwa makolo, chokhala ndi mawu ena amene ife kuno tinasiya kalekale. Tili pakhonde madzulo, amayi akuphula nsima, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Msuweni, kodi mukudziwa kuti kwathu kuja Chichewa n'chiyankhulo cha boma, cholembedwa m'malamulo aakulu a dziko?"

Ndinamutsutsa usiku umenewo, koma nditabwerera ku tauni ndinafufuza ndipo ndinapeza kuti ananena zoona. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe amene anakhazikitsidwa mu 2013 amatchula ziyankhulo 16 zimene boma limazivomereza, ndipo Chichewa ndicho chili poyamba penipeni, popeza anazindandalika motsatira alifabeti. Pambuyo pake pali Chibarwe, Chingerezi, Chikalanga, mpaka kukafika ku Chivenda ndi Chixhosa, ndipo chiyankhulo cha manja cha anthu osamva chilinso pomwepo. Kwa anthu amene kwa zaka zambiri ankanyozedwa ndi dzina lakuti mabhurandaya, lochokera ku dzina la mzinda wa Blantyre, amenenso ziphaso zawo zinkawasonyeza ngati alendo m'dziko limene mchombo wawo unagwera, kuona chiyankhulo cha makolo awo chitalowa m'malamulo si nkhani yaing'ono. Komabe nditamuimbira foni kumufunsa ngati tsopano angathe kulowa mu ofesi ya boma n'kudzaza fomu m'Chichewa, anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ayi msuweni, kumeneko sitinafikeko, mapepala onse akadali a Chingerezi."

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwerenga za mmene mayiko amasankhira chiyankhulo cha boma, ndipo chimene ndaona n'chakuti mndandanda wolembedwa m'malamulo umanena zochepa kwambiri za moyo wa anthu. Chiyankhulo chenicheni cha boma ndi chimene lamulo limalembedwamo, chimene woweruza amalembera chigamulo, chimene mwana amalembera mayeso, ndiponso chimene munthu wofuna ntchito amayesedwa nacho. Amene ali nacho m'kamwa zitseko zimamutsegukira, pamene amene alibe amaima panja kudikira womuyankhulira.

Kuno kwathu nkhaniyi inayamba kalekale. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party unagamula kuti chiyankhulo chimene chinkatchedwa Chinyanja chizitchedwa Chichewa, chikhale chiyankhulo cha fuko lonse, ndipo chiziyendera limodzi ndi Chingerezi pa ntchito za boma. Mu 1972 kunakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board loti liziyang'anira kalembedwe ndi kayankhulidwe, ndipo mu 1996 ntchitoyo inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba, kumene amasamalanso ziyankhulo zina za m'dziko muno. Ngakhale zili choncho, aliyense amadziwa kuti mpando waukulu uli ndi Chingerezi. Malamulo oyendetsera dziko lino amafuna kuti munthu wofuna kukhala phungu azidziwa kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atenge nawo mbali pa zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo, choncho phungu amene anapempha mavoti m'Chiyao, m'Chitumbuka kapena m'Chichewa amakaimira anthu ake m'chiyankhulo chimene ambiri mwa iwo sachimva. Mwana wa fomu folo akhoza kukhoza bwino masamu, zaulimi ndi Chichewa, koma akalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE salandira. Ngakhale ndalama imene ili m'thumba mwanga ikunena zomwezo, chifukwa mawu akuti kwacha ndi tambala ndi athu, koma zolembedwa zina pa pepalalo n'za Chingerezi.

Zimenezi ndinaziona ndi maso tsiku limene ndinaperekeza azakhali anga ku bwalo la milandu pa nkhani ya munda. Iwo ndi mayi wodziwa kuyala nkhani, amene pabwalo la amfumu akaimirira anthu amakhala chete kuti amve. Tsiku limenelo anavala chitenje chawo chatsopano ndi duku, anaima m'bokosi la mboni, n'kuyamba kufotokoza mmene mundawo unayendera kuchokera kwa agogo awo aakazi. Anati, "Munda umenewu ngwa mbumba yathu, mwini mbumba ndi amene anatilozera malire, ndipo bambo a mwana ameneyu anabwera pamudzi pathu ngati mkamwini." Kwa munthu wa kwathu chiganizo chimenechi chimathetsa theka la mlandu, chifukwa chikunena kumene nthaka imatsata, amene ali ndi mphamvu yogawa, ndiponso malire a ufulu wa mwamuna wokhala kwa akazi ake. Womasulira anali mnyamata waulemu amene anayesetsa ndithu, koma anayenera kuthamanga, ndipo mbumba anaisandutsa liwu wamba la Chingerezi lotanthauza banja, mwini mbumba anakhala malume chabe, mkamwini anakhala mwamuna wa mwana wamkazi basi. Woweruza anali Mmalawi ngati ife, Chichewa ankachimva bwino lomwe, koma cholembera chake chinkadikira mawu a womasulira, popeza zolemba za bwalolo zimasungidwa m'Chingerezi. Malamulo athu amanenadi kuti munthu woimbidwa mlandu aziweruzidwa m'chiyankhulo chimene amamva, apo ayi boma limupezere womasulira, ndipo ufulu umenewu ndi wofunika. Koma tikutuluka, azakhali anandigwira dzanja n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, kodi zimene ndanena zija zafika?"

Chimene chinandidabwitsa powerenga za mayiko ena n'chakuti ziyankhulo zamphamvu kwambiri nthawi zambiri sizisowa lamulo lozitchinjiriza. Ku Britain kulibe lamulo lalikulu limene linakhazikitsa Chingerezi kukhala chiyankhulo cha boma, chimangolamulira chifukwa palibe chochiopseza, pamene Chiwelshi, chimene chinatsala pang'ono kufota, ndicho chinafunika lamulo la mu 2011 lochipatsa udindo ku Wales. Dziko la United States linakhala zaka zoposa 200 lopanda chiyankhulo chotchulidwa kuti n'cha boma lalikulu, kufikira mu Malichi 2025 pamene pulezidenti Donald Trump anasaina chikalata chonena kuti Chingerezi ndicho chiyankhulo cha boma. Ku New Zealand lamulo linakweza Chimaori mu 1987 ndi chiyankhulo cha manja mu 2006, Chingerezi chikungoyenda chokha m'maofesi monse. Ku Ireland malamulo a mu 1937 amati Chiairishi ndicho chiyankhulo choyamba cha boma ndipo Chingerezi n'chachiwiri, koma m'misewu ya ku Dublin chachiwiricho ndicho chimamveka tsiku lonse. Dziko la Bolivia mu 2009 linavomereza Chisipanishi pamodzi ndi ziyankhulo 36 za eni nthaka, zina mwa izo zotsala ndi oyankhula owerengeka, ndipo zina zimene zinazima kale.

Ndisanamizire kuti kulemba chiyankhulo m'malamulo n'kopanda pake, chifukwa kuli anthu amene anataya moyo pofuna zimenezo. Dziko la Pakistan litangobadwa, atsogoleri ake ananena kuti Chiurdu chokha ndicho chikhale chiyankhulo cha boma, pamene anthu a chigawo cha kum'mawa, amene anali ochuluka kuposa a kumadzulo, ankayankhula Chibengali. Pa 21 Febuluwale 1952 apolisi anawombera ophunzira amene ankachita zionetsero mumzinda wa Dhaka, ndipo ena anafera pomwepo. Bala limenelo silinapole mpaka chigawocho chinadzakhala dziko la Bangladesh mu 1971, ndipo n'chifukwa cha imfa zimenezo kuti bungwe la UNESCO mu 1999 linasankha 21 Febuluwale kukhala tsiku lokumbukira ziyankhulo zoyamwira. Ku Sri Lanka lamulo la mu 1956 lokweza Chisinhala chokha linatsekera Atamil kunja kwa ntchito za boma, ndipo linali limodzi mwa mizu ya nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 2009, ngakhale Chitamil chinali chitavomerezedwa kale mu 1987. Ku India boma linkafuna kuti pofika 1965 Chihindi chitsale chokha, koma anthu a kum'mwera, makamaka Atamil a ku Madras, anaukira mwamphamvu, ndipo mpaka lero Chingerezi chikuyendabe limodzi ndi Chihindi, pamene ziyankhulo 22 zili pa mndandanda wa m'malamulo ndipo zigawo zimasankha zawo. Pafupi nafe pano, pa 16 Juni 1976, ana asukulu a ku Soweto anatuluka m'makalasi kukana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans, ndipo boma la tsankho linawayankha ndi zipolopolo.

Powerenga nkhani zimenezi, ine amene Chichewa ndinayamwira sindingadziike kumbali ya olakwiridwa okha. Chigamulo chija cha mu 1968 chimene chinakweza chiyankhulo changa ndi chomwecho chimene chinachotsa Chitumbuka pa wailesi ya boma ndi m'sukulu, chikhalirecho anthu a kumpoto anali atachilemba, kuchiphunzira ndi kuchiwerenga kuyambira nthawi ya mishoni ya Livingstonia. Chitumbukacho chinabwerera pa wailesi ulamuliro wa zipani zambiri utayamba mu 1994, ndipo pambuyo pake nkhani zinayamba kuwerengedwanso m'Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga. Mnzanga wina wa ku Rumphi amene tinkagona chipinda chimodzi kusukulu ya sekondale anandiuza kuti abambo ake ankatseka wailesi nthawi ya nkhani za Chichewa, osati chifukwa chodana ndi Achewa, koma chifukwa inkawakumbutsa kuti boma linawauza kuti mawu awo ngosafunika. Choncho pamene ndikudandaula kuti Chingerezi chinakhalira Chichewa, ndiyenera kukumbukira kuti kwa Mngonde wa ku Karonga kapena Msena wa ku Nsanje, Chichewa nachonso chikhoza kulemera chimodzimodzi. Mlandu wa azakhali anga ukanakhala wa mayi wa ku Chitipa woyankhula Chilambya, mwina ngakhale womasulira akanavuta kupezeka.

Mayiko awiri amene ndimawaganizira kwambiri ndi Indonesia ndi Tanzania, chifukwa onsewa anakana kutenga chiyankhulo cha atsamunda, anakananso kutenga cha mtundu waukulu. Ku Indonesia kuli ziyankhulo mazanamazana, ndipo Ajava ndiwo ochuluka kuposa mtundu wina uliwonse. Komabe achinyamata omenyera ufulu atakumana pa 28 Okutobala 1928 analumbira kuti adzakhala ndi dziko limodzi, fuko limodzi ndi chiyankhulo chimodzi, ndipo chimene anasankha chinali chochokera ku Chimalay, chimene amalonda a m'madoko ankamvana nacho kuyambira kale. Popeza sichinali cha mtundu wolamulira, palibe amene anamva ngati wagonjetsedwa, ndipo lero chimagwira ntchito kuyambira ku sukulu ya pulaimale mpaka ku yunivesite. Ku Tanzania, pulezidenti woyamba Julius Nyerere, amene anali wa mtundu waung'ono wa Azanaki, anakweza Chiswahili pakati pa ziyankhulo zoposa 120. Aliyense amene anawolokapo mtsinje wa Songwe kupita ku Kyela kukagula katundu amadziwa mmene zimakhalira, kuti wapolisi, wogulitsa mpunga, kondakitala ndi wa ku ofesi onse amayankhula chimodzi, ndipo zokambirana za aphungu ku Dodoma mlimi amazitsatira pa wailesi popanda womumasulira. Chiswahili chakwera moti mu 2019 bungwe la SADC linachitenga kukhala chimodzi mwa ziyankhulo zogwirira ntchito, ndipo African Union inachitanso chimodzimodzi mu 2022. Njira imeneyi nayonso ili ndi minga yake, chifukwa mwana amene waphunzira m'Chiswahili zaka zonse za pulaimale amakapeza kuti ku sekondale maphunziro ali m'Chingerezi, ndipo ziyankhulo zing'onozing'ono za m'midzi zikuchepa mphamvu pamaso pa Chiswahili. Komabe boma limene nzika wamba imatha kulimva likamayankhula lili ndi chinthu chimene ife tilibe.

Njira ina ndi ya Switzerland, kumene anavomereza kuti sadzakhala ndi chiyankhulo chimodzi ndipo anakonzeka kulipira mtengo wake. Kuli Chijeremani, Chifalansa, Chitaliyana ndi Chiromanshi, ndipo chomalizachi chimayankhulidwa ndi anthu osakwana mmodzi pa anthu 100 alionse, koma mu 1938 anthu anavota kuti chikhale chiyankhulo cha fuko. Malamulo a boma lalikulu amatuluka m'ziyankhulo zitatu zikuluzikulu, zonse zili ndi mphamvu yofanana pabwalo la milandu, ndipo pa ndalama zawo za mapepala ziyankhulo zonse zinayi zimaoneka. Wina anganene kuti amenewo ndi olemera, ndipo n'zoona kuti omasulira, mabuku ndi aphunzitsi amafuna ndalama. Koma dziko la Paraguay si lolemera, ndipo mu 1992 linaika Chiguarani pambali pa Chisipanishi, chiyankhulo cha eni nthaka chimene anthu ambiri m'dzikomo amachiyankhula tsiku ndi tsiku. India nayenso amasindikiza mtengo wa ndalama yake ya pepala m'ziyankhulo 17, kuti amene sadziwa Chihindi kapena Chingerezi aziona zilembo za kwawo pa chimene wagwira m'manja.

South Africa ndi chitsanzo cha lonjezo lalikulu limene likuyenda pang'onopang'ono. Malamulo a mu 1996 anavomereza ziyankhulo 11, ndipo mu 2023 anawonjezera chiyankhulo cha manja kukhala cha nambala 12. Chizulu ndicho chili ndi eni ake ochuluka, chotsatira n'Chixhosa, koma abale athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg amadziwa kuti pepala lililonse lofunika limabwera m'Chingerezi, ndipo mu 2017 akuluakulu a mabwalo a milandu anagwirizana kuti zolemba za m'mabwalo zizisungidwa m'Chingerezi chokha. Mayiko ena asintha mwadzidzidzi potsata ndale, monga Rwanda imene mu 2008 inachotsa Chifalansa m'makalasi n'kuikamo Chingerezi, aphunzitsi ambiri asanachidziwe bwino, kapena Mali imene mu 2023 inatsitsa Chifalansa kukhala chongogwirira ntchito n'kukweza ziyankhulo za m'dzikomo.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi mmene malire a atsamunda anagawira anthu a chiyankhulo chimodzi. Chaka ndi chaka mu Ogasiti, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo kumeneko wa ku Dedza, wa ku Chadiza ndi wa ku Angónia amacheza popanda womasulira. Akabwerera kwawo, wa ku Mozambique amakapeza boma loyankhula Chipwitikizi, wa ku Zambia amakapeza Chingerezi, Chinyanja chili chimodzi mwa ziyankhulo 7 za m'zigawo pamodzi ndi Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chikaonde ndi Chiluvale, ndipo wa kuno amakapeza Chingerezi chomwecho. Anthu mamiliyoni ambiri amamvana m'chiyankhulo chimenechi kudutsa malire a mayiko anayi, tikawerengera ndi Zimbabwe, koma palibe boma ngakhale limodzi limene limalemba malamulo ake onse m'chiyankhulocho.

Sindikunena kuti Chingerezi chichoke, chifukwa ana athu akuchifuna kuti aphunzire za udokotala, achite malonda ndi mayiko akunja, ndiponso chimathandiza kuti pasakhale mtundu umodzi wooneka ngati wakwera pamsana pa anzake. Chimene ndimakana ndi maganizo akuti mwana wa zaka 6 wa kumudzi, amene sanamvepo Chingerezi pakhomo, angaphunzire bwino kuwerengera ndi kuganiza m'chiyankhulo chimene sakuchimva. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti kuyambira sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma lamulo la zamaphunziro la mu 2013 linabweza Chingerezi kukhala chophunzitsira, pa nthawi yomwe anzathu a ku Zambia ankalowera kwina poyamba kuphunzitsa magiredi oyambirira m'ziyankhulo za m'zigawo. Mlongo wanga amene amaphunzitsa sitandade 2 amandiuza kuti amalemba pa bolodi m'Chingerezi monga akufunira akuluakulu, kenako amatembenuka n'kufotokoza zonse m'Chichewa, chifukwa akapanda kutero ana amangomuyang'ana. Ndimalakalaka nditaona fomu ya kuchipatala ndi ya ku ofesi ya za malo italembedwa m'ziyankhulo ziwiri, phungu ataloledwa kuyankhula m'Nyumba ya Malamulo monga amayankhulira pamsonkhano wa kumudzi, omasulira a m'mabwalo a milandu ataphunzitsidwa mozama ndi kulipidwa moyenera, ndiponso mawu a mboni atasungidwa mmene anatulukira m'kamwa mwake, kaya ndi m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao.

Mlandu uja azakhali anawina, ndipo mundawo akulimabe mpaka lero. Chigamulo anapatsidwa pa mapepala atatu a Chingerezi amene anawakulunga m'pulasitiki n'kuwaika pakati pa Baibulo lawo la Chichewa, limene amawerenga okha m'mawa uliwonse popanda wowathandiza. Ndikapita kumudzi, tikatha kudya, amalowa m'nyumba n'kutuluka ndi mapepalawo, amawafunyulula mosamala pamphasa, n'kunena kuti, "Tandiwerengereninso, mwana wanga, pamene akunena za malire paja." Ndimawerenga chiganizo chimodzi m'Chingerezi chamumtima, n'kuchinena mokweza m'Chichewa, ndipo ndikafika pa liwu lija lotanthauza banja ndimabwezeretsapo mbumba, iwo n'kugwedeza mutu kuti ndipitirize.